Ngalande Yomwe Inathera pa Chikwangwani

Mvula ikangoyamba kugunda pamalata, amake mapasa ankadziwa kale chochita. Matilesi pamwamba pa tebulo, thumba la ufa pampando, mabuku a ana pamwamba pa kabati. Akatero ankaima pakhomo ndi tsache m'manja, kudikira madzi.

Kale sizinali choncho. Kumtunda kwa nyumba zawo kunali dambo lomwe linkamwa madzi onse a mvula. Koma nduna yoona za malo ndi mapulani a mizinda inalola kampani ina kukwirira dambolo ndi kumangapo nyumba zosungiramo katundu. Kampaniyo inazunguliza mpanda wautali wanjerwa, ndipo madzi, posowa kolowera, anayamba kutsetserekera m'makomo mwa anthu.

Anthu atadandaula, ndunayo inabwera ndi magalimoto ambirimbiri. Inagwira khasu pamaso pa ojambula zithunzi n'kulonjeza ngalande yaikulu yasimenti. Anaimika chikwangwani chonena kuti boma lapereka kale ndalama zonse za ntchitoyo. Mathirakitala anakumba pang'ono, kenaka anachoka osabweranso. Chikwangwani chinatsala chokha, chikuchita dzimbiri.

Mwamuna wa amake mapasa anali wowotcherera zitsulo. Chifukwa cha kuthwanima kwa makina ake, aliyense ankangomutchula Chiphaliwali. Ankagwira ntchito mukashedi kotsamira chipupa cha kuseri kwa nyumba, kupanga mageti, mbaula ndi mafelemu a mawindo. Anali munthu wanthabwala.

"Musadandaule, amake mapasa," ankatero akupinda buluku mpaka m'mawondo. "Mabwana amalipira zambiri kuti akhale ndi dziwe losambiramo. Ife boma latipatsa laulere, pabalaza penipeni."

Loweruka lina masana mvula inagwa mosalekeza. Madzi analowa ofiira, othamanga, atanyamula zinyalala ndi mabotolo. Chiphaliwali anabereka ana awiri aja, wina kumsana wina pachifuwa, n'kukawasiya kwa aneba akumtunda. Atabwerera, analunjika kushedi.

"Bambo a mapasa, asiyeni makinawo!" anakuwa mkazi wake.

"Ndikawasiya, mawa tidya chiyani? Ndikubwera pompano."

Chipupa chinali chitamwa madzi kwa zaka zingapo. Chinangomveka kuti gumu! Amuna a m'deralo anafukula njerwa ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Pomwe ankamupeza, n'kuti atatsirizika.

Pamaliro nduna inabweranso. Inagula bokosi, inapereka envelopu yachipepeso, ndipo inalankhula ndi mawu otsika. "Izi ndi ngozi zachilengedwe," inatero. "Palibe munthu akanatha kuziletsa." Amake mapasa anali atakhala pamphasa, mutu uli pansi.

Anthu atabalalika, m'nyumba munatsala iwo, apongozi awo aamuna, ndi mlamu wawo, mng'ono wake wa malemu. Pachipupa pankaoneka mzere wamatope wosonyeza pomwe madzi anafika.

"Ine ndikukagula petulo," anatero mlamuyo, maso ali psuu. "Nyumba za katunduzo zipse. Achimwene sanafe ndi mvula, aphedwa."

"Khala pansi, iwe," anatero apongozi. "Ndaika mwana mmodzi, ufuna wina ndikamuonere kundende? Boma ndi boma. Atigulira bokosi, atipepesa. Ife ndife ndani kuti tikalimbane ndi nduna?"

Nthawi yomweyo panamveka odi. Anali mayi woyandikana nawo, amene anapuma pantchito yoyang'anira sukulu, koma onse ankawatchulabe Ahedi. Anabwera kudzatenga mipando yomwe anabwereketsa pamaliro. Masiku amenewo ankadzipereka m'gulu la nzika lotsatira ntchito zachitukuko.

"Pepani, ndamva zomwe mumakamba," anatero Ahedi akukhala pansi pafupi ndi namfedwayo. "Achimwene, mukawotcha nyumbazo, mawa nkhani idzakhala ya inu, osati ya ngalande. A nduna adzapuma bwino. Koma inunso bambo, ndikupempheni, musamati ife ndife ndani. Mukagula sopo, mchere, kapena mayunitsi a foni, mumadula msonkho. Malemuwa ankadula msonkho pa chitsulo chilichonse chomwe ankagula. Ndalama za ngalande zija zinali zathu. Nduna ndi munthu amene tamusungitsa chuma ndi mphamvu. Womusungitsa ali ndi ufulu womufunsa."

"Tikamufunsa kuti?" anafunsa amake mapasa. Aka kanali koyamba kulankhula tsiku limenelo. "Pageti pa ofesi yake pomwe sangatilole kudutsa."

"Kunyumba ya malamulo kuli komiti ya aphungu yoona momwe ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito. Komiti imeneyo ili ndi mphamvu yoitanitsa nduna kuti idzayankhe anthu akumva. Koma siingadziwe zakuno ngati ife tili chete. Tisonkhane tonse okhudzidwa, tijambule zomwe madzi awononga, tilembe dandaulo lathu, ndipo tifunse mafunso awiri okha. Ndani analoleza kumanga padambo? Nanga ndalama za ngalande zinapita kuti?"

Sizinali zophweka. Anayenda khomo ndi khomo. Ena anasaina dandaulolo msanga, ena anatseka zitseko poopa kutchedwa otsutsa boma. Anapita kwa phungu wa dera lawo, yemwe anali wachipani chimodzi ndi nduna ija. Anawalandira ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, n'kunena kuti aziona. Sanazione. Ahedi anati asataye mtima, ndipo anakapereka okha dandaulolo kwa mlembi wa komiti, n'kutenga umboni wakuti lalandiridwa. Anapitanso kuwailesi, komwe mlamu uja, m'malo mwa petulo, anafotokoza modekha momwe anafukulira mkulu wake.

Miyezi inadutsa popanda yankho. Kunyumba zinthu zinavuta. Makina owotcherera anali ataphwanyika limodzi ndi mwini wake. Amake mapasa anayamba kuchapa zovala za anthu. Ana ankadzidzimuka kukangochita mitambo, ndipo wamkazi ankakana kugona pafupi ndi chipupa.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wovala suti, n'kuima pakhomo osafuna kuponda matope. Anati watumidwa ndi anthu akufuna kwabwino. Panali nyumba yabwino kumtunda, komanso malo ogulitsirapo malonda mumsika waukulu. Chofunika chinali chimodzi: amake mapasa achotse dzina lawo padandaulo lija, chifukwa popanda mkazi wamasiye nkhaniyo ikanazilala.

Atachoka, apongozi anawagwira dzanja. "Mwana wanga, landira. Mwamuna wako sadzuka ngakhale nduna itagwada. Ganizira anawa."

Amake mapasa analowa kuchipinda n'kulira kwa nthawi yaitali. Nyumba youma ankaifuna ndi mtima wonse. Atatuluka anayang'ana makomo a anzawo kunsi kwa msewu, onse okhala ndi zipupa zofufuma ndi chinyezi.

"Bambo," anatero, "ndikasamuka ine, madzi sasamuka. Chaka chamawa mudzamva kuti chipupa chagwera mwana wa oyandikana nafe. Ndidzapita bwanji pamaliro pake, ndikudziwa chomwe ndinagulitsa?"

Dzina lawo sanalichotse padandaulo lija. Tsiku lomwe komiti inawaitana, apongozi anali oyamba kudzuka, atavala jekete lawo lakale.

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali, mabotolo a madzi ndi zolankhulira patsogolo pa mpando uliwonse. Nduna inakhala mbali ina ndi akuluakulu a unduna wake. Wapampando wa komiti anapempha amake mapasa kuti alankhule. Iwo anaimirira n'kuyamba.

"Olemekezeka, ine sukulu sindinapite nayo patali. Mwamuna wanga anafera m'madzi omwe kale ankapita kudambo. A nduna anati ndi ngozi yachilengedwe. Mvula ndi yachilengedwe, inde. Koma mpanda uja sunamere wokha ngati udzu. Bokosi munatigulira, zikomo. Ine ndikufunsa za ngalande."

Wapampando anatembenukira kwa injiniya wamkulu wa unduna n'kumukumbutsa kuti walumbira kunena zoona. Injiniyayo anavomera kuti akatswiri anakaniza kumanga padambo, koma nduna inalamula kuti chilolezo chiperekedwe. Atafunsidwa za ndalama za ngalande, anati zinasamutsidwa n'kukamangira msewu watala wolowera kunyumba za katundu zija, nyumba ya malamulo isanavomereze.

Nduna inayesa kufotokoza za kufunika kokopa amalonda ndi kupezera achinyamata ntchito. Phungu wina wamkazi anaidula mawu. "Zimenezo tamva. Funso ndi lakuti, munasaina ndinu kapena ayi?"

Ndunayo inayang'ana mapepala ake kwa kanthawi. "Ndinasaina," inatero.

Apongozi anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope. Mapewa awo ankagwedezeka.

Komiti inalamula kuti ndalama za ngalande zibwezeretsedwe, mbali ya mpanda yotchinga madzi igwetsedwe, ndipo mabanja okhudzidwa alipidwe motsatira lamulo. Nkhani ya chilolezo inatumizidwa kwa ofufuza za katangale. Posakhalitsa ndunayo inachotsedwa paudindo. Ntchito itayambanso, anthu sanangokhala n'kumaonerera. Anasankha gulu loyendera ntchitoyo sabata iliyonse, ndipo mlamu uja ndiye ankavutitsa kontilakitala kuposa onse, kufunsa za simenti ndi kuya kwa ngalande.

Dzinja lotsatira palibe nyumba yomwe inalowa madzi. Anthu anasangalala, koma amake mapasa sanapite kuchikondwerero chotsegulira ngalande. Anapita kumanda ndi ana awo, anazula udzu, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka.

Pobwerera anapeza amayi atatu achilendo akuwadikira pakhonde. Anachokera kudera lina komwe ntchito yomanga chipatala inaimira pamawindo zaka zapitazo, ndalama zake osadziwika komwe zinalowera. Anamva nkhaniyi pawailesi, ndipo ankafuna kudziwa poyambira.

Amake mapasa anawayalira mphasa, n'kutuma ana kukaitana Ahedi.

"Poyambira ndi kusiya mantha," anatero. "Nduna si mwini wa ndalama za boma, ndi wosunga chabe. Ikalamula zomanga kapena kusamutsa ndalama, iyenera kufotokoza kwa ife eni ake. Musawotche kanthu, musalandire chotsekera pakamwa. Gwirizanani, sonkhanitsani umboni, pitani kwa omwe lamulo lawapatsa mphamvu yofunsa, ndipo musatope. Koma chachikulu, amayi anzanga, funsani lero. Ife tinadikira mpaka titaika munthu m'manda."