Kalata ya Malemu Bambo

Kalatayo inafika Lolemba m'mawa, Telala ali ndi mapini atatu pakamwa. Ataona chidindo cha ofesi ya misonkho, anasiya kusoka. Ataona dzina lomwe linali pa envelopu, mapini onse anagwera pansi. Kalatayo inali ya bambo ake, amene anamwalira zaka zitatu zapitazo.

Shopu yosokerayo anamusiyira ndi bambo akewo, ndipo iye sanasinthe kanthu. Chikwangwani chinali cha dzina lawo, chidindo cha pa malisiti chimodzimodzi. Ankati kufufuta dzinalo kukhala ngati kuwaika m'manda kachiwiri.

Anawerenga mizere iwiri yokha. Mwini bizinesi sanapereke lipoti la msonkho kwa zaka zitatu, ndipo panali mawu akuti chindapusa. Anakhala pa mulu wa nsalu n'kuimbira foni achimwene ake.

Achimwenewo anali dalaivala wa lole, munthu wosasowa yankho ngakhale pa nkhani imene sakuidziwa. Anafika thukuta lili kamukamu.

"Mayo ine! Afika polembera makalata anthu akufa?" anatero atagwira pakamwa. "Ing'ambe, mlongo wanga. Akawapeze kumanda. Koma makinawa tichotse lero lomwe. Anthu amenewa akabwera amanyamula ndi sizasi yomwe."

"Nanga mayunifolomu a sukulu aja? Akuwafuna Lachisanu."

"Ukufuna mayunifolomu kapena makina?"

Telala anayang'ana makina atatu amene ankadyetsa ana ake. Akawabisa, ntchito ya sukulu ithawa. Akawasiya, mwina alandidwa. Mantha anamulanda nzeru, ndipo anayamba kumasula lamba wa makina oyamba.

Atatulutsa makinawo pakhonde, Wometa wa shopu yoyandikana anasuzumira, chipeso chili m'manja.

"Aneba, mukusamuka osatsanzika?"

Telala anangomupatsa kalata ija. Wometa anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, kenako anatembenuza pepalalo.

"Kuseri kuno mwawerengako?"

"Kuseri kulinso mawu?" anafunsa achimwene.

"Ndiye kumene kuli nkhani. Akuti muli ndi masiku makumi awiri ndi limodzi oti muyankhe. Akutinso ngati mwini wake anatseka bizinesi kapena anamwalira, mubweretse umboni. Za kulanda makina sindikuziona. Mwaziwerenga pati, adalaivala?"

Achimwene anakanda m'mutu. "Amangotero anthu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Wometa. "Ine kalata ngati iyi ndinaibisa kuseri kwa galasi miyezi isanu. Chindapusa chinakula ngati tsitsi la munthu wothawa wometa. Ndikanapita msanga, bwenzi nditalira pang'ono. Chemwali, mudawauza a ofesi kuti bambo anatisiya?"

Telala anadabwa. "Kuwauza? Maliro aja anthu anadzaza msewu wonse!"

"Ofesi sibwera pa maliro. M'mabuku mwawo bambo anu akadasokabe, ndipo malisiti anu akuwavomereza."

Mawu amenewo anamulasa. Zaka zitatu zonsezi, iye mwini ndiye ankasainitsa munthu wakufa.

Wometa anamuuza zoti atenge: kalatayo, chikalata cha imfa, chiphaso chake ndi mabuku a malisiti. "Mupite nokha ku ofesi yeniyeniyo. Wina akakuimitsani pageti kuti akukonzerani nkhaniyi mukamupatsa kangachepe, mudutseni. Chilichonse mwalipira, mulandire lisiti."

Makina anabwerera m'kati. Achimwene ndiwo ananyamula.

M'mawa mwake Telala anakhala pa benchi ya ofesi envelopu ili pachifuwa. Nambala yake itaitanidwa, anayamba ndi kupepesa. Mayi wa pa desiki anaona chikalata cha imfa, nati, "Pepani ndi zovutazo. Mwachita bwino kubwera nthawi isanathe."

Anamufotokozera pang'onopang'ono. Fayilo ya bambo itsekedwa. Bizinesi ilembetsedwa m'dzina la amene akuiyendetsa. Koma zaka zitatu zimene wagwira ntchito ayenera kuzifotokoza moona, ndipo chimene chipezeke atha kupempha kuti azilipira pang'onopang'ono.

"Makina sindilandidwa?" anafunsa Telala ndi mawu otsika.

"Makina ndiwo akuthandizeni kulipira, mayi. Tiwatengerenji?"

Kenako anamupatsa fomu. Pamzere woyamba panalembedwa kuti: Dzina la mwini bizinesi. Dzanja la Telala linayamba lokha chilembo choyamba cha dzina la bambo, monga linazolowera. Anaima. Anafufuta, n'kulemba dzina lake.

Mayunifolomu anaperekedwa Lachisanu. Loweruka Telala anaitana wolemba zikwangwani. Dzina la bambo silinafufutidwe. Anangowonjezera pamwamba pake mawu awiri: Mwana wa.

Kalata ya ku misonkho ikafika, musaing'ambe, musaibise, ndipo musathawitse katundu. Iwerengeni yonse, ndi kuseri komwe. Onani tsiku lomaliza, sonkhanitsani mapepala anu, ndipo pitani nokha ku ofesi mukafunse. Mwini bizinesi akamwalira kapena akasintha, kauzeni a ofesi msanga, chifukwa iwo sadziwa zimene simunawauze.