Lichero la Mama Lenia

Ndinafika ku Mzuzu ndi satifiketi ya utsogoleri wa pantchito m'chikwama, nsapato zazitali zidendene kuphazi, ndiponso mtima wofuna kukonza chilichonse ndisanachimvetse n'komwe. Nsapatozo matope a ku Kaning'ina anathana nazo sabata yoyamba yomweyo. Mtima uja ndiye unatenga nthawi.

Dzina langa ndine Tamanda, kwathu ndi ku Dedza. Anandilemba ntchito yoyang'anira amayi osankha khofi pa kampani ina yaing'ono, m'shedi yamalata m'mphepete mwa nkhalango. Ntchito yake ndi yosavuta kufotokoza. Khofi akabwera kuchokera kwa alimi atachotsedwa kale makoko, amayi amakhala pa tebulo lalitali, aliyense ndi lichero lake, n'kumatola njere zakuda, zosweka ndi zofumbwa. Zotsalazo ndi zimene zimalowa m'matumba opita kwa ogula.

Amayiwo analipo khumi ndi awiri, ndipo anandilandira bwino. M'mawa uliwonse aliyense ankandipatsa moni wakewake, “Mwawuka uli, madamu?” mpaka onse atakwana, ine n'kumayankha Chitumbuka changa chothyokathyoka, iwo n'kumafa nazo nseko. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandinyansa. Lichero silinkakhala pamalo amodzi. Munthu akasankha, ankalikankhira kwa mnzake, mnzakeyo n'kuponyamo maso, n'kulikankhiranso kutsogolo, mpaka likafike kumapeto kwa tebulo kumene kunkakhala mayi wamkulu pa onse, mama Lenia. Iwo ankapisamo dzanja, n'kuweramira pa licherolo ngati akupempherera chakudya, n'kutolamo kanjere kamodzi kapena tiwiri, kenako n'kukhuthulira m'thumba. Lichero lawolawo ankalipereka kwa Bridget, mayi wa msinkhu wanga, wa pakamwa posachedwa, amene ankakhala pambali pawo.

Ine ndinkaona ulesi wokhawokha. Anthu khumi ndi awiri kugwira lichero limodzi! Nanga thumba likapezeka loipa, ndidzafunsa ndani?

Lolemba lina ndinabwera ndi choko. Ndinajambula mizere pa tebulo, aliyense malo ake, ndipo ndinapereka matumba olembedwa mayina ndi zilembo zikuluzikulu.

“Kuyambira lero aliyense azisankha yekha, azithira m'thumba lake,” ndinatero. “Wolimbikira tizimudziwa, wozemba tizimudziwanso.”

Bridget anakweza dzanja. “Madamu, pepani chomene, koma kuno lichero limayenda.”

“Layenda mokwanira,” ndinayankha. “Lero lipume.”

Ndinaseka ndekha, poganiza kuti ndayankha mochenjera. Palibe wina anaseka. Amayi angapo anatembenukira kumapeto kwa tebulo, kumene mama Lenia ankasisita mzere wa choko ndi chala.

Sabata imeneyo matumba anachuluka, ndipo bambo Foster, mkulu wa kampani, anandiyamikira pamaso pa anthu. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Matumba onse ankaoneka oyera bwino, kupatula la munthu mmodzi. Mu thumba la mama Lenia munali njere zakuda zoti ngakhale mwana wa sitandade wani akanaziona. Sabata yachiwiri, chimodzimodzi.

Ndinawaitanira mu ofesi. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, epuloni yawo yochapa bwino ngati akupita ku tchalitchi. Ndinatapa khofi m'thumba lawo n'kumwaza pa desiki.

“Amayi, zakudazi simukuziona?”

Anayang'ana pa desikipo nthawi yaitali. Kenako anati, chapansipansi, “Napulika, madamu. Ndamva.”

Funso limenelo limandipweteka mpaka lero, koma tsikulo ndinatuluka mu ofesi ndikudziona ngati bwana wolimba mtima. Bambo Foster anati ngati munthu wakalamba ndi ntchito, palibe chochitira, ndilembe kalata yowachotsa, aisayinire Lachisanu. Ndinailemba n'kuiika mu dirowa.

M'shedi munazizira. Moni wa mmodzimmodzi uja unatha, ankangoti “Mwadzuka, madamu” onse pamodzi ngati ana asukulu, maso ali pa malichero. Nyimbo zimene ankaimba chapansipansi zinaleka, kunkangomveka mvula yowaza pa malata. Ndinadziuza kuti utsogoleri ndi wotero, sufuna kukondedwa. Koma nthawi ya tiyi ndinkamwa ndekha, ndipo ndinkasungulumwa kwambiri.

Lachitatu anandiitana a Meckson, amene ntchito yawo ndi kulawa khofi asanatumizidwe. Ndi bambo wosayankhulayankhula, amakhala m'kachipinda kawo ndi makapu ndi sipuni. Anali atandandalika makapu asanu.

“Tamwani apa, madamu.”

Ndinamwa. Ndinathamangira pa sinki kukalavula. Ankamveka ngati madzi amene munagona chinangwa sabata yathunthu.

“Ameneyu ndi wa m'thumba la mama Lenia eti?” ndinafunsa ndikupukuta pakamwa.

“Ayi. Uyu ndi wa Bridget. Uyu wa Elizabeth. Matumba anu oyera aja.” Anatsegula dzanja, munali njere imodzi yosalala bwino, yopanda banga. “Iyi inavunda mkati ikali kwa mlimi. Ndi maso simungaidziwe, koma imodzi yokha imaononga ketulo yonse. Ndakhala pano zaka khumi ndi chimodzi, zoterezi zinali zisanandifikepo pa kapu. Kodi mwasintha chiyani kushediko?”

Ndinadziwa chimene ndinasintha, koma sindinadziwe chimene ndinaswa.

M'mawa mwake malo a kumapeto kwa tebulo anali opanda munthu. Epuloni inali itapindidwa bwinobwino pakati pa mizere yanga ya choko. Bridget ananditsatira mu ofesi osagogoda.

“Mwapambana, madamu. Apita okha. Akuti sangadikire kalata, amva kale kuti ilipo.”

“Bridget, khalani pansi. Ndiuzeni za lichero.”

Sanakhale. Anayankhula ataimirira. Mama Lenia anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, chaka chachitatu tsopano. Ankaona ngati munthu woyenda m'nkhungu ya m'mawa. Njere yakuda ndi yoyera kwa iwo zinali zofanana. Koma mphuno yawo ndi zala zawo zinkadziwa njere yovunda ngakhale itabisala pansi pa zinzake chikwi. N'chifukwa chake malichero onse ankathera kwa iwo, ndipo lawo linkapita kwa Bridget.

“Ife tinkawaonera, iwo ankatinunkhizira. Basi.”

“Nanga bwanji simunandiuze?”

“Munafunsa?” Anandiyang'ana m'maso. “Ndipo tikanakuuzani bwanji? Amene anali pampando wanuwo kale anachotsa mayi wina chifukwa manja ankanjenjemera. Kuyambira pamenepo tinaphunzira kuti ukadwala, bisa. Kuchipatala anawauza kalekale kuti maso amenewo amatheka kukonza, koma akanapempha bwanji tchuthi osaulula?”

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinakumbukira khofi uja ndinamwaza pa desiki, ndi mayi wa msinkhu wa amayi anga ataima, akuyang'ana chinthu chimene sakanatha kuchiona.

Ndinatenga kalata ija ndi kapu imodzi ya a Meckson kupita nazo kwa bambo Foster. Ndinawauza zonse, ndipo ndinanena mosazungulira kuti wolakwa ndine.

“Ndiye mukuti tisunge munthu wosaona pa ntchito yosankha ndi maso?” anafunsa.

“Tamwani kaye, bwana.”

Anamwa. Nkhope inakwinyika, anafunafuna polavulira. Atapezanso mpweya anangoti, “Pitani mukawatenge.”

Tinakwera kabaza ine ndi Bridget mpaka ku Lupaso, kunyumba kwa mama Lenia, kamvula kakutiwaza njira yonse. Tinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, mpeni ukuyenda wokha m'manja osayang'anako.

“Odi, mama!” anatero Bridget.

“Odini. Mwabwera ndi madamu,” anayankha asanatukule mutu. “Mafuta awo odzola ndawamva akali pa mpanda.”

Anandikankhira mpando, koma ine ndinakhala pamphasa pafupi ndi mapazi awo. Tinapatsana moni wonse, wa kunyumba, wa kuntchito, wa mvula. Mawu onse okongola amene ndinakonza pa kabaza anathawa.

“Amayi, ndinakulakwirani. Ndinaswa chinthu chimene sindinachimvetse, ndipo ndinakuchititsani manyazi. Ndikhululukireni.”

Anapitiriza kusenda mpaka chinangwacho chinatha, n'kuchiika m'beseni.

“Kuchotsedwa ntchito sindinaope kwambiri,” anatero. “Munthu sakhala pamalo amodzi mpaka kale. Chinandipweteka ndi dzina langa pa thumba lija. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, madamu, dzina langa linali lisanalembedwepo pa chinthu choipa.”

Misozi yanga inangotsika yokha. Ndinawauza za makapu a a Meckson, ndi mmene bambo Foster anafunira polavulira. Apa anaseka pang'ono, atagwira pakamwa. Ndinati sindinabwere kudzawamvera chisoni, ndabwera chifukwa khofi wathu akuonongeka. Malo a kumapeto aja akhala awo mochita kulemba pa pepala, ntchito yawo idziwike kuti ndi yonunkhiza ndi kupapasa khofi yense asanalowe m'thumba. Ndipo tsiku limene achipatala adzawaitane, apite, malo awo adzawadikira.

“Ndiye anthu onse adziwe kuti Lenia saona?”

“Pokhapokha mutalola, amayi. Mukakana, sindinena.”

Madzi ankadontha kuchokera pa malata kugwera mu ndowa.

“Kunamizira kuona kumatopetsa chomene,” anatero pomaliza, ngati akudziyankhulira okha. “Pitani makora, muyende bwino. Ndiganize.”

Lachisanu sanabwere. Loweruka ndi Lamulungu ndinkangozungulira m'nyumba, chakudya osalowa.

Lolemba ndinalawirira. Ndinatenga chisanza chonyowa n'kufufuta mizere yonse ya choko, matumba a mayina aja ndinawatembenuza kunja kulowa mkati. Kenako ndinavala epuloni n'kukhala kumayambiriro kwa tebulo ndi lichero langa. Amayi ankalowa mmodzimmodzi, aliyense n'kuima kaye pakhomo kundidabwa. Ndinawauza kuti ndinalakwitsa, lichero liziyenda monga kale, ndipo kuyambira lero wodwala kapena wovutika ndi china chake asamabisenso, tizikhala pansi n'kuona malo omuyenera. Palibe anaomba m'manja. Elizabeth anangoti, “Tiona, madamu,” ndipo sindinamuimbe mlandu.

Tinayamba ntchito malo a kumapeto ali opanda munthu. Malichero ankafika kumeneko n'kuunjikana, popeza palibe analimba mtima kukhuthulira m'thumba.

Cha m'ma eyiti chitseko chinalira. Mama Lenia analowa atagwira mkono wa Bridget, poyera, osabisa. Anaima pakati pa shedi.

“Monire mose,” anatero. “Ine maso anatha, mukudziwa kale. Tsopano adziwa ndi madamu omwe. Epuloni yanga ili kuti?”

Shedi yonse inaphulika. Ena ankaseka, ena ankalira, Elizabeth analuluta mpaka a Meckson anasuzumira pa zenera la kachipinda kawo. Ine ndinangoweramira pa lichero langa kuti anthu asaone nkhope yanga.

Licherolo ndinalisankha ndi mtima wanga wonse. Ndinatembenuza njere iliyonse, ndinabwerezanso kachiwiri, chifukwa ndinkafuna kuti likafike kwa iwo lopanda chilema. Ndinalikankhira kwa Elizabeth, amene anatolamo zosweka zitatu. Linayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumapeto.

Mama Lenia anapisamo dzanja. Anawerama monga mwa masiku onse, n'kukhala choncho kanthawi. Kenako zala zawo zinaima.

“Ili ndi la ndani? Likununkhira mafuta odzola.” Amayi anaseka. “Tamanda, mwana wane, zanga kuno, bwera.”

Aka kanali koyamba kunditchula dzina. Ndinapita n'kugwada pambali pa benchi yawo. Anafufuza dzanja langa, n'kuikamo njere imodzi yosalala, yokongola kuposa zonse.

“Nunkhiza.”

Ndinanunkhiza. “Sindikumva kanthu, amayi.”

“Ukufulumira. Ndiwo matenda ako amenewo.” Anapinda zala zanga kuti ndiifumbate, n'kuphimba dzanja langa ndi manja awo awiri ofunda. “Itenthe kaye. Dikira.”

Tinadikira. Atandimasula ndinaika dzanja pamphuno, ndipo kafungo kosasa kanatuluka, kakang'ono kwambiri, kofanana ndi kapu ija ya a Meckson.

“Wamva?”

“Ndamva, amayi.”

“Yewo,” anatero akukokera lichero lina patsogolo pawo. “Lero ndiye wayamba ntchito.”