Kalavani ya Amake Hosea

Kwa zaka khumi ndi zinayi Amake Hosea akhala akugona pa matumba a mpunga. Chaka chilichonse anthu akayamba kumweta, iwo amanyamuka pa boma la Chama ndi sikelo yawo kupita ku Tembwe ndi ku Chikwa kukagula mpunga kwa alimi. Kumeneko nyumba yawo inali tenti yong'ambika yomangirira pamtengo. Udzudzu wakonko unkawadziwa ndi dzina lomwe, ndipo msana unafika poti m'mawa ankadzuka atapindika ngati mpini wa khasu.

Ndiye atamva kuti kampu ina ya alendo oona nyama yatsekedwa ndipo katundu akugulitsidwa, sanafunse munthu nzeru. Anapita, naona kalavani, nyumba yeniyeni ya matayala, ya bedi, kabati ndi mawindo otchinga udzudzu, nagula tsiku lomwelo. Atalipira m'pamene anakumbukira kuti nyumbayo ilibe miyendo. Inali tsidya lija la mtsinje wamchenga, mwezi unali Okutobala, ndipo mlonda wa pakampupo sanawabisire mawu.

“Mvula ikangogwa kawiri, mtsinje udzaza. Kalavani yanu ikhala kuno mpaka Meyi, chiswe ndi anyani n'kumakusungirani.”

Galimoto yobwereka sikanathandiza, poti kalavaniyo inkafunika kumasamuka mudzi ndi mudzi nyengo yonse yogula mpunga. Panafunika yawoyawo, ndipo ndalama zimene anali nazo zinali zogulira kamodzi basi. Kulakwitsa kunalibe malo.

Pa boma panali magalimoto awiri aatali ogulitsa. Yoyamba inali ya Jeff, wamalonda amene anaitenga ku Nakonde, yonyezimira ngati poto watsopano, mipando yachikopa, kawailesi koonetsa zithunzi. Hosea, mwana wawo woyamba, bambo wa ana awiri amene anayendetsapo takisi zaka zisanu, atangokhalamo mtima wake unatsala momwemo. Yachiwiri inali ya a Gregory, a kuchipatala, amene anali atalandira kalata yowasamutsira ku Kabwe. Inali yadizilo, yobiriwira kalekale, ndipo chitseko chakumbuyo chinkatseguka ukachimenya ndi bondo.

“Amama, ija ya a Gregory ndi nkhalamba,” anatero Hosea. “Anthu adzatiseka.”

“Adzaseka ali pansi, ife tili m'mwamba. Mawa m'mamawa tikaione. Ndipo mvera, iwe: pogula chinthu mano sawonetsa. Ukaseka, mtengo wakwera. Nkhope izikhala ngati wamwa mankhwala a malungo.”

Anafika kwa a Gregory dzuwa lisanatuluke bwino, mwini wake ali ndi mswachi kukamwa.

“Amake Hosea, si tinapangana naini koloko?”

“Munapangana nokha, adokotala. Mbuzi ndimagula isanamwe madzi, apo ayi ndigula mimba.” Anaika dzanja pa boneti. Inali yozizira. “Manje ilizeni.”

Injini inatsokomola kamodzi n'kuyamba kulira bwinobwino. Iwo anapita kumbuyo kukayang'ana utsi, kenako anayala chitenje pansi, nagona chagada, nalowa kunsi kwa galimoto mpaka kunja kunangotsala mapazi. Kunamveka mwala ukugogoda chitsulo.

“Mukufuna chiyani kumeneko, amayi?” anafunsa a Gregory.

“Dzimbiri. Pamwamba aliyense amasamba.”

Anatuluka ali ndi fumbi m'mutu, nkhope ili gwa. Chitsulo chinali chamoyo, ndipo chokolekera ngolo chinali chomangidwa pa msana weniweni wa galimoto. Koma pakamwa pawo panangotuluka mawu akuti, “Yatopa.”

Kwa Jeff anapeza boneti ili yofunda kale, galimoto itatsukidwa mpaka matayala. Amake Hosea sukulu anailekera giredi fili, ndipo manambala aatali amawasokoneza, choncho anauza Hosea kuti awerenge m'kabuku ka galimotoyo kulemera kumene imaloledwa kukoka.

“Makilo wani sauzande faifi handiredi.”

“Usandiuze za makilo. Matumba angati?”

“Makumi atatu.”

“Kalavani ija, pa kachitsulo kake unawerenga matumba angati?”

“Makumi anayi,” anayankha Hosea motsitsa mawu.

“Ndiye khumi otsalawo asenza ndani? Iwe?”

Jeff anaseka, nagwedeza makiyi pa chala. “Mami, manambala awo amalembera azungu owopa apolisi. Motoka iyi ili na mphamvu, ingakoke na nyumba ya njerwa.”

“Chabwino. Loweruka tiyeni ikakoke tione. Mafuta ndithira ine. Adokotala nawonso abwere ndi nkhalamba yawo. Yomwe iwolotse kalavani yanga ndiyo ndikambe nayo.”

Jeff anali atakhala ndi galimotoyo miyezi itatu popanda wogula, motero anavomera.

Loweruka anafika pakampu dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa m'chigwa kuja koti ngakhale mbalame zimakhala kukamwa yasa. Kummawa mitambo inali itayamba kale kuunjikana. Jeff ndiye anayamba. Atangokoleka kalavani, galimoto yake inakhala pansi kumbuyo, mphuno kuloza kumwamba ngati galu wopempha fupa. Komabe pamalo osalala inakoka ndithu, ndipo Hosea, amene anakhala kutsogolo, anatembenukira amake m'maso muli kuwala.

“Mwaona, amama? Ikukoka!”

“Imani apa,” anatero iwo atafika pamwamba pa gombe. “Hosea, tsika.”

“Bwanji?”

“Iwe sunasenzepo ndowa pamutu. Pokwera chitunda umangotopa. Potsika mpamene ndowa imakukankha khosi, ndipo mpamene anthu amathyoka miyendo. Kukoka ngakhale bulu amakoka. Ine ndifuna ndione kuima.”

Anatsika onse, Jeff n'kutsala yekha. Anayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, koma atafika pakati pa mtsetse kalavani inakumbukira kulemera kwake. Inakankha galimoto kumbuyo, matayala anakhukhuluzika pa dothi, galimoto inayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu. Jeff anaponda mabuleki, kenako mantha atamugwira anaponda moto, ndipo zonse ziwiri zinakafika pansi ndi fumbi lalikulu n'kutitimira mumchenga mpaka pamimba. Kunamveka fungo la chinthu chopserera.

Amake Hosea anathamangira kalavani, osati Jeff. Anaizungulira, naigwiragwira m'mbali. Inali bwinobwino. Kenako anasuzumira pawindo la galimoto.

“Uli moyo, mwananga? Nanga nyumba ya njerwa ija tikaitenge liti?”

Hosea anayang'ana kumbali.

A Gregory anatsika ndi nkhalamba yawo, namangirira chingwe, nasolola galimoto ya Jeff ngati munga. Kenako anakoleka kalavani. Kumbuyo kwa galimoto yawo kunangotsika pang'ono. Atatero anagwada pa tayala lililonse n'kuyamba kutulutsa mpweya ndi kamtengo.

“Adokotala, mwapenga? Mukuphwetsa matayala pakati pa tchire?”

“Pamchenga munthu wa nsapato zosongoka amamira, amayi. Wa patapata amadutsa. Tayala likafewa limatambalala. Pampu ndili nayo.”

Izi Amake Hosea sankazidziwa, ndipo sanakonde kuti wina wawaphunzitsa pamaso pa mwana wawo, koma anazisunga mumtima. Anangoti, “Kalavani yatsika ndi Jeff. Ine sindinaione yanuyi ikutsika. Ikawoloka ikwere tsidya, itembenuke, itsikenso, ikwerenso.”

“Kawiri?”

“Mafuta ndi anga.”

A Gregory anauza Hosea kuti akhale pa chiwongolero, popeza ndiye adzayendetse. Anamusonyeza kagiya kachiwiri kapansi kamene kamachititsa kuti matayala onse anayi akoke mwamphamvu koma mosafulumira. Hosea analowa nkhope ili yokayika. Galimoto inabangula, inanyamuka ngati fulu, ndipo kalavani inazuka mumchenga n'kuitsatira. Anawoloka, nakwera gombe la tsidya, natembenuka pabwalo la pansi pa mitengo ya mitsanya. Potsika, Amake Hosea anagwira chitenje chawo ndi manja onse awiri. Kalavani inayesa kukankha, koma nkhalamba inakana. Inatsika phazi limodzilimodzi, osagwedezeka, ngati mayi wozolowera ndowa. Itazungulira pamchenga n'kukweranso, matayala a kalavani atagunda dothi louma la njira yopita kwawo, m'khosi mwa Amake Hosea munatuluka chinthu chimene iwo sanachitume.

Nthungululu. Yaitali, yakuthwa, yofika mpaka kwa mlonda kukampu. Anavinanso pang'ono, mchenga uli wotentha choncho.

Atatsegula maso anapeza a Gregory akuwayang'ana, manja m'thumba, akumwetulira. Hosea anatulutsa mutu pawindo.

“Amama, mano!”

Anatseka pakamwa ndi dzanja, koma mbalame inali itauluka kale.

Anakambirana mtengo pamthunzi, Hosea akupopa matayala. Amake Hosea anabwezeretsa nkhope ya mankhwala a malungo. Anatchula chitseko chomenya ndi bondo. Anatchula utoto, mpando wong'ambika, ndi zaka za galimotoyo zimene anati zikufanana ndi za Hosea. Ananyamuka kawiri ngati akupita, ngakhale kuti panalibe kopita.

“Amayi,” anatero a Gregory mofatsa, “m'mawa uno ndinauza akazi anga kuti mukalimbikira nditsitsako faifi sauzande. Koma nthungululu ija ndaimva ndi makutu anga. Mtengo ndi womwe uja.”

“Ndinkaimbira kalavani, osati chiphakasa chanuchi.”

“Kalavani yawoloka yokha?”

Amake Hosea anayamba kuloza ndi chala.

“Pampu itsale. Chingwe chija chitsale. Tayala lapadera, jeke, na chigubu cha dizilo. Ndipo musanapite ku Kabwe mumutenge uyu masiku awiri, mumuphunzitse kubwerera m'mbuyo na kalavani, asadzandigwetsere nyumba m'munda mwa munthu.”

“Pampu ndinagula ndekha ku Lusaka.”

“Ku Kabwe kuli misewu ya tala, mudzapopa chiyani? Mbasela imeneyo.”

A Gregory anaseka mpaka kupukuta misozi, natambasula dzanja. Anagwirana chanza. Jeff, amene anali atakhala pamwala akudikira kuti galimoto yake izizire, Amake Hosea anamupatsa botolo la madzi ndi mtedza wokazinga, namuuza kuti aigulitse kwa aphunzitsi a pa boma, oyenda opanda katundu, chifukwa ndi yokongola ndithu.

Asananyamuke, Amake Hosea analowa m'kalavani kuti aone ngati makabati ali otseka. Hosea anadikira, nadikira, kenako anasuzumira pakhomo. Anawapeza atagona chagada pabedi, nsapato atavula, maso ali kudenga.

“Amama, tiyeni. Mitambo ija ikubwera.”

“Ibwere. Tawoloka.” Anadzitambasula, msana unalira kuti khwa. “Faifi sauzande, Hosea. M'Chama monse palibe amene anaimbapo nthungululu yodula chotere.”

“Ndiye mukudandaula?”

“Ndikanadziwa mtengo wake ndikanaitalikitsa. Tseka chitseko, ntchentche zikulowa m'nyumba mwanga.”