Mphini pa Mkono wa Saida

Koma Fahad akanangoyankhula m'mawa muja, pomwe amalume ake, a Sailesi, ankanola lumo pamwala wa pakhomo, akanangonena kuti adokotala analetsa mphini, kuti magazi a mlongo wake Saida saundananso, kuti khansa ya m'magaziyi yatha zonse zotseka bala. Koma Fahad anangoyang'ana pansi monga mwa masiku onse, n'kuzembera kunyanja, ku thandala loyanikapo usipa.

Tsopano dzuwa linali paliwombo, ndipo chithunzi chija sichinkamuchoka m'maso. Dokotala wachinyamata uja, atamva kuti Fahad anafika Fomu 4, anamuonetsa pafoni maselo a khansa, lililonse ndi timaulusi tam'kati tolichirikiza ngati mizati ya thandala. Akawathira mpweya wina wotchedwa nayitiriki okusaidi, timaulusito timasokonekera, khungu la selo n'kusintha maonekedwe. "Izi n'za mu labotale, si mankhwala ayi," anatero dokotalayo. "Chachikulu, asamuteme ngakhale pang'ono."

Fahad anazula mzati umodzi. Anamenya thandala, namenyanso, bango kuthyoka, usipa kumwazika mumchenga, ndipo mumtima ankaphwanya tizilombo ta pafoni tija — ayi, si tizilombo, ndi magazi a Saida omwe, magazi a mimba imodzi ndi iye — ankatithyola nthiti, kutitumbula, kutipondaponda, mpaka anazindikira kuti nkhope imene ankaiona m'maganizo pansi pa mzatiwo inali ya amalume. Amalume omwewo amene anamunyamula paphewa pochokera ku jando, amene sanagone sabata yathunthu pakhonde la chipatala. Nanga wakupha ndani, wogwira lumo mwachikondi, kapena wodziwa zoona n'kukhala chete?

Anataya mzatiwo, liwiro la kunyumba.

Saida anali pamphasa kuseri kwa nyumba, wotuwa, mkono uli pabondo la amalume, mayi atagwira kachibade ka mankhwala akuda.

"Amalume, musamuteme."

"Ati chani? Wamera mano lero, bwana Fomu 4? Kuchipatala kwanuko anamuchiza?"

Fahad sanadziwe kuti wawafikira bwanji. Anangomva dzanja la nkhalamba likupotoka m'manja mwake, lumo likumung'amba chikhatho, kenako mutu wa amalume ukugunda khoma, kofia n'kugubuduzika m'fumbi. Mayi anakuwa, "Subhanallah! Malume wako, iwe!"

A Sailesi sanadzuke. Anangomuyang'ana, pakamwa yasa, ngati akuona mlendo.

Fahad anafumbata bala lake, ndipo pakati pa zala magazi anali atayamba kale kumata, kuda, kuundana monga achitira magazi a munthu wamoyo. Apo m'pamene anaona mkono wa Saida. Pamwamba pa chigongono panali kamzere kamodzi, kakang'ono ngati munga wa usipa, ndipo dontho linatuluka, lina n'kulitsatira, linanso, mosafulumira, mosaleka.