Nsalu za Apongozi pa Khadi la Gbenga

Gbenga Osunkoya anali munthu wodziwa kusunga ndalama, ndipo amene ankachitira umboni zimenezi kawirikawiri anali iye mwini. Ankaphunzitsa masamu pa sekondale ina ku Ibadan. M'chipinda cha aphunzitsi, anzake ankamwa tiyi mofulumira akangomuona akupisa dzanja m'thumba, chifukwa ankadziwa kuti likutuluka khadi lake la ngongole, ndipo pambuyo pa khadi pamabwera ulaliki.

"Anzanga, banki imandibwereka ndalama masiku 45 popanda chiwongoladzanja," ankatero. "Ndikabweza zonse tsiku lisanakwane, sindiwonjezera kanthu. M'malo mwake amandibwezera naira ziwiri pa handiredi iliyonse. Ndiye wochenjera ndani, ine kapena banki?"

Sankanama ayi. Zaka zinayi sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo tindalama tobwezedwato tinagula fani ya pabalaza. Koma nzeru zikakuyendera zaka zinayi, umayamba kuganiza kuti ena onse anabadwa tulo.

Chaka chimenecho apongozi ake, Mama Abeke, ankakwanitsa zaka 70, ndipo banja linakonza phwando. Panafunika aso ebi, nsalu yofanana yoti abale onse avale. Kugula ndi kugawa nsaluyo inali ntchito ya Azakhali Sikira, mayi wouma maso amene sankapereka ngakhale ulusi asanawerenge ndalama kawiri. Koma azakhaliwo ankavutika miyendo, ndipo Gbenga anaona mwayi.

"Anthu 30, aliyense 20,000," anauza mkazi wake Yewande, wogulitsa mpunga mumsika. "Ndigula pa khadi, 600,000 yonse. Abale andibwezera pasanathe mwezi, banki indipatsa 12,000 yaulere."

"Bambo a Tobi, abale anga ndimawadziwa ine," anatero Yewande. "Ndalama kaye, nsalu pambuyo. Mukalephera mutenga kuti? Mu akaunti muli fizi ya Tobi yokha."

"Mayi a Tobi, masamu asiyireni eni ake."

Loweruka anapakira nsalu m'galimoto n'kuyamba kuzungulira yekha. Nyumba yoyamba inali ya Azakhali Morenike. Gbenga anagona chafufumimba pakhomo, monga mkamwini amachitira pamaso pa akuluakulu, n'kupereka mtolo ndi manja awiri.

"Eee! Mkamwini wanga wandiveka!" anakuwa azakhaliwo. Anamuika dzanja pa dazi n'kuyamba kupemphera. Anapempherera ntchito yake, galimoto yake, chiwindi chake, ndi mapasa amene iye sanawapemphe. Kapepala ka mitengo kanali m'thumba la shati, kataphwanyika pakati pa chifuwa ndi simenti. Tsono munthu amene wapatsidwa mapasa angadzuke bwanji, kusasa fumbi, n'kunena kuti "20,000, azakhali"? Gbenga anangoti "Ameni."

Nkhani inayenda pa foni mofulumira kuposa galimoto. Pofika nyumba yachitatu anapeza anthu atakonzeka kale ndi mapemphero. Pa nyumba 30 zonsezo, amene analipira anali mmodzi yekha, Azakhali Sikira. Anawerenga ndalama kawiri, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti, "Enawo wawapatsa uli chigonere?" Atavomera, azakhaliwo anapukusa mutu. "Wagawa mphatso, mwana wanga. Pita bwino."

Masiku anayamba kuthamanga. Gbenga ankalemba mauthenga aulemu: "Moni azakhali, nsalu ija mwaikonda?" Yankho linkabwera msanga: "Mulungu akuwonjezere." Iye ankayang'ana foni n'kudzitukwana chamumtima. Mphunzitsi wa masamu! Wodya za banki! Anali ndi mapemphero okwana moyo wonse ndi 20,000 m'thumba. Mantha anamugwira zenizeni, chifukwa njira zinali ziwiri zokha: kusiya chiwongoladzanja chiyambe kubereka mwezi ndi mwezi, kapena kudya fizi ya Tobi, mwana amene anadikira chaka chathunthu kuti apeze malo ku yunivesite.

Phwando linali Loweruka, ndipo tsiku la banki linali Lolemba. M'mawa wa phwandolo anaulula zonse, Yewande akumanga duku lake lalikulu pagalasi. Mayiyo anaseka mpaka duku linagwa. Atatha kuseka anapukuta misozi n'kunena kuti, "Lero muvina."

"Ine? Mukudziwa kuti sindivina. Ndipo zofupana ndalama paphwando ndimati n'kuwononga."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Abale anga salipira m'nyumba momwe palibe wowaona. Koma woimba akatchula dzina pagulu, amatulutsa ngakhale ya sopo."

Masana, anthu atakhuta mpunga ndi nyama, Yewande ananong'oneza woimba. Ng'oma zinasintha. "Ali kuti mkamwini amene waveka banja lonseli?" anafuula woimbayo. "Osunkoya, mwamuna wa dzanja lotambasuka, bwera pabwalo!"

Manyazi anapha lambe. Gbenga anatuluka. Kuvina kwake kunali ngati kwa munthu amene waponda linthumbu, miyendo kwina, mikono kwina. Koma woimba anayamba kuitana azakhali mmodzimmodzi, dzina ndi dzina la agogo awo lomwe. Azakhali Morenike ananyamuka atatchena nsalu yosalipira ija, n'kuyamba kumata ndalama pa dazi lake lonyowa. Mlamu wawo ataona, anatsegula chikwama chachikulu kuposa. Palibe amene anafuna kuchepa pamaso pa Mama Abeke. Ndalama zinkagwa, Yewande akutola pambuyo n'kuponya m'thumba la mpunga.

Gbenga akati apume, mawu a Yewande ankamveka kumbuyo kwake: "Sitinafike ndi theka lomwe. Gwedezani chiuno, aphunzitsi!"

Anagwedeza. Msana unalira, bondo linalira, thukuta lili kamukamu. Chapatali anaona ana a sukulu yake awiri atakweza mafoni. Anatseka maso n'kuganiza za Tobi, ndipo anavina maola awiri.

Lamulungu anakhala pamphasa n'kuwongola ndalama zamakwinyazo imodziimodzi. Ataphatikiza ndi za Azakhali Sikira, zinaperewera 9,000. Yewande anamasula pansonga ya nsalu yake, anawerenga 9,000 ya mpunga, koma sanaipereke. Anatambasula dzanja linalo n'kudikira. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Gbenga anatulutsa khadi n'kuliika m'dzanjamo.

Lolemba analipira ngongole yonse, wa pakauntala akugwira ndalamazo ndi nsonga za zala. Chiwongoladzanja panalibe, ndipo fizi ya Tobi sinakhudzidwe. Kumapeto kwa mwezi banki inatumizadi 12,000 ija. Mankhwala opaka pamsana ndi bandeji ya bondo zinadya 11,500.

M'chipinda cha aphunzitsi aliyense anali ataonera kale kanema wa guleyo, ena katatu. Gbenga atalowa akutsimphina, Mayi Fadeyi, mphunzitsi wa mbiri yakale, anamuthirira tiyi mwaulemu wokayikitsa.

"Tiuzeni akatswiri," anatero. "Wochenjera ndani, inu kapena banki?"

Dzanja la Gbenga linapita lokha m'thumba, n'kupeza chikwama chopanda khadi.

"Mayi a Tobi," anayankha, n'kukhala pampando pang'onopang'ono, atagwira msana.