A Elifala Agonja pa Voti ya Nyemba

Chaka chotsatira chisankho cha matipate, ku Chisepo kunalibe chinthu chochitika popanda voti. Kwaya ya kutchalitchi inavotera nyimbo zoimba pa Pasaka. Amayi apamjigo anavotera woyamba kutunga. Ndiye sizinadabwitse anthu kuti mphepo yomweyo inafika ku timu ya mpira ya Mphezi n'kukagwetsa kochi wake, a Elifala.

A Elifala anali mphunzitsi wopuma pantchito, wamfupi, wadazi, wokonda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chibadwire chawo sanamwetsepo chigoli, ndipo sankabisa. Ankati kumenya mpira ndi ntchito ya miyendo koma kupambana ndi ntchito ya mutu, ndipo mutu wa Mphezi anali iwowo. Ankayenda ndi kathumba ka zitsekerero za mabotolo, zomwe ankaziyala pafumbi posonyeza aliyense poima. Lachiwiri ndi Lachinayi ankathamangitsa anyamata kukwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu, iwo ataima m'munsi, wenzulo pakamwa.

M'timumo munali Isake, mlimi wa fodya wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mpira ukafika paphazi lake lamanzere unkakhala ngati wamatidwa ndi ulimbo. Palibe anamuphunzitsa zimenezo. Anangoyamba ali wamng'ono, ndi mpira wa mapepala, kubusa.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, Mphezi inakwapula timu ya ku Chezi zigoli zitatu kwa duu. A Elifala anali atalamula Isake kuti asachoke m'mbali mwa bwalo. Isake anachokamo katatu, ndipo katatu konseko mpira unakagona muukonde. Masewera atatha, anthu anakhamukira pakhonde la golosale ya a Hashim, omwe anagulira timuyo majezi, ndipo a Elifala anakwera pa kireti kuti aoneke bwino.

"Mwaiona pulani yanga?" anafunsa gululo.

"Pulani yake iti, aphunzitsi?" anatero Isake. "Si inu mumakuwa kuti ndibwerere kumzere?"

"Kumeneko kunali kusokoneza adani. Ndikamakuwa kuti bwerera, iwo amayesa ubwereradi."

Anthu anafa nako kuseka. Isake yekha sanaseke.

Lolemba lake osewera anaitanitsa msonkhano pakhonde lomwelo. Isake anaimirira n'kunena kuti nthawi yolamulidwa ndi munthu mmodzi inatha m'dziko muno, ndipo sankaona chifukwa choti ipitirire pabwalo la mpira. Anati phiri lija palibe analivotera. Anagwirizana zoponya njere m'chitini: nyemba ndiye kuti kochi achoke, chimanga ndiye kuti akhale. A Elifala anapempha mpata wochita kampeni, ndipo anayala zitsekerero zawo n'kulankhula kwa mphindi makumi anayi. Pomaliza, ngakhale amene anabwera ndi chimanga m'thumba ankapempha nyemba kwa anzawo.

A Hashim anakhuthulira njerezo pakauntala n'kuwerenga mokweza. Nyemba khumi ndi zinayi, chimanga njere ziwiri. Imodzi inali ya a Elifala eni ake. Inayo inali ya goloboyi, yemwe anapepesa pomwepo kuti ankayesa chimanga ndiye chochotsa.

A Elifala anafika kunyumba jekete ili paphewa. Akazi awo, a Tabita, anali pamphasa kusenda mtedza, ndipo nkhani inali itawafika kale.

"Ndiye akuchotsani ana omwe munawaphunzitsa kugwira pensulo, bambo a Ester?"

"Achotsa mutu, atsala ndi miyendo," anayankha a Elifala. "Mundimvetse, mayi a Ester. Ndipatseni amuna khumi ndi mmodzi aliwonse, bola akhale ndi miyendo iwiri iwiri. Pakutha masabata asanu ndi limodzi adzaichititsa manyazi Mphezi pamaso pa Chisepo yense."

"Aliwonse?"

"Aliwonse."

"Yambani ndi a Agustino atelala," anatero a Tabita, osadzutsa n'komwe mutu.

Iwo ankanena zocheza, koma a Elifala anapitadi. A Agustino anali bambo wa ana asanu, wa mimba yomwe inkafika pamakina osokera iwo asanakhale pansi. Anavomera chifukwa adokotala anali atawauza kuti aziyendayenda. Kenaka a Elifala anapeza aphunzitsi awiri, wapachigayo, wokonza njinga, wogulitsa mankhwala a makoswe, ndi amuna asanu a besi a mukwaya. Timuyo anaitcha Dongosolo.

Kunena zoona, amuna amenewa ankamvera. Phiri analikwera osadandaula, mpaka a Agustino anabweza okha mathalauzi awo m'chiuno kawiri. Anaphunzira kuima mumzere wowongoka ngati wa pamunda wa fodya. Anaphunzira kusuntha onse pamodzi n'kukweza manja kupempha ofusayidi, ndipo pa zimenezi a besi aja anali akatswiri. Chinangotsala chinthu chimodzi: kumenya mpira. Aliyense akati aumenye, mpira unkapita kumene wafuna wokha. A Elifala ankaona, koma ankadzilimbitsa kuti zimenezo ndi zazing'ono, zibwera zokha.

Nayo Mphezi inkasangalala ndi ufulu wake. Anyamata ankakumana pansi pa mtengo wa mango, kudodadoda mpira pang'ono, kenaka n'kukhalira bawo.

A Hashim, poona kuti mkangano wa luso ndi ukochi wagawa makasitomala awo pawiri, anakonza zoti matimuwo akumane, ndipo anaika mbuzi yathunthu ngati mphoto. Anabweretsa woimbira mpira kuchokera ku Ntchisi, munthu wopanda mbale aliyense ku Chisepo. Anaitananso mnzawo wina, a Lester, yemwe ankagwira ntchito yosaka osewera ku timu ina yaikulu ya ku Lilongwe, ndipo sabata imeneyo anali kwa apongozi ake ku Mtengowanthenga. Isake atamva za mlendoyo, anakameta tsitsi n'kubwereka nsapato za mpira.

Tsikulo linafika, anthu anadzaza bwalo mpaka ena m'mitengo. Vuto loyamba la Mphezi linaoneka mpira usanayambe. Popeza munthu wa ku Lilongwe anali pompo, aliyense ankafuna kusewera kutsogolo, ndi goloboyi yemwe. Atakangana, anapangana kuti pagolo azisinthana mphindi khumi ndi zisanu zilizonse, ndipo wolowa azisankhidwa pokweza manja.

Chigawo choyamba chinali chozunguza mutu. Anyamata khumi a Mphezi ankathamangira mpira umodzi ngati nkhuku zolimbirana chiwala. Isake ananjanja anthu asanu ndi mmodzi, atatu mwa iwo a timu yake yomwe, ndipo atatsala ndi golo, mnzake anamulanda mpira n'kuumenyera m'munda wa chinangwa. A Mphezi akati alowe bwino, mzere wa Dongosolo unkasuntha kamodzin'kamodzi, manja m'mwamba, wenzulo n'kulira. Zinachitika kasanu ndi kawiri. A Elifala ankayenda chammbali mwa bwalo manja kumbuyo, akuyang'anitsitsa ngati a Lester akuona.

M'chigawo chachiwiri anyamata a Mphezi anayamba kugwira m'chiuno. Bawo sapatsa mpweya. Amuna a Dongosolo ndiye anali asanatuluke n'thukuta lomwe, ndipo anayamba kupezeka okhaokha pafupi ndi golo. Wokonza njinga anaupeza mpira uli phee, golo ili pululu patsogolo pake. Anaima, n'kutembenukira kwa kochi.

"Nditani, aphunzitsi?"

"Menyani!"

"Ndi mwendo uti?"

"Uliwonse, bambo inu!"

Anamenya. Nsapato inalowa mugolo bwinobwino, mpira unatsala pomwepo. Wogulitsa mankhwala a makoswe naye anapeza mwayi wotero, n'kuumenya mwamphamvu kubwezera kumbuyo kwa anzake. A Elifala anavula jekete, chinthu chimene anthu a ku Chisepo anali asanachionepo.

Kutatsala mphindi khumi, mpira unamupeza Isake pakati pa bwalo. Anali atatopa moti sakanathanso kuthamanga. Anangodzutsa mutu, n'kuona kuti goloboyi wa Dongosolo waima patsogolo pang'ono, pamalo enieni amene kochi wake anamuuza. Anaukokera kumanzere n'kuumenya kuchokera pomwepo. Mpira unakwera, unapinda ngati chikwakwa, n'kutsikira pangodya ya golo.

"Chigoliii! Ameneyo ndiye mwana wanga!"

Wokuwayo anali a Elifala. Anali atalumpha m'mwamba, zitsekerero zili mbwee pansi, ndipo anathamanga mayadi angapo kulowa m'bwalo asanakumbuke kuti chigolicho chalowa kwawo. Anaima, anakhosomola, n'kubwerera kumzere akunamizira kuti amathamangitsa galu. Amuna a Dongosolo ankawayang'ana mwachisoni.

Akanagonja basi, pakanapanda malamulo a Mphezi. Nthawi ya goloboyi wachisanu ndi chimodzi inali isanathe, koma iye anati wotchi ya woimbira ikuchedwa, ndipo anavula malaya a pagolo n'kuwaponya pansi. Anzake anasonkhana kuti asankhe wina. Awiri analingana mavoti, nayamba kuwerenganso manja. Mpira unali ukuseweredwabe. Wina wa Mphezi, pofuna kuutaya kutali kuti amalize chisankho, anaumenya mwamphamvu, ndipo unakagunda pamimba pa a Agustino, omwe anali ataima pamalo awo kuyambira chiyambi cha chigawocho. Unadunda n'kubwerera. Bwalo la ku Chisepo ndi lotsetsereka, ndipo Mphezi inali kumunsi. Mpira unagubuduzika pang'onopang'ono, anthu onse akuuperekeza ndi maso, mpaka unalowa mugolo mopanda munthu.

A Agustino anali ali chigwadire, kufunafuna mpweya, pomwe anzawo anayesa kuwanyamula paphewa. Analephera, nangowakwezako mwendo umodzi.

Mpira unathera chimodzi kwa chimodzi. A Hashim anati mbuzi singagawidwe yamoyo, choncho anaizinga okha monga mwa chipembedzo chawo, ndipo matimu onse awiri anadyera pamodzi kuseri kwa golosale. Kumeneko a Lester anaitana Isake ndi a Elifala.

"Chimwene," anatero kwa Isake, "mwendo wakowo sindinauonepo kwina kulikonse m'Dowa muno. Koma ukamapuma ukumveka ngati pampu ya njinga. Kwathu sungathe mphindi makumi awiri." Kenaka anatembenukira kwa a Elifala. "Inu bambo, anthu anu ali ndi mapapo a ng'ombe, ndipo amaima bwino kuposa ena omwe timawalipira. Koma miyendo yawo ndi ya tebulo. Mnyamatayu ndikadzamupeza ali ndi mpweya mwezi wa Okutobala, ndidzamutenga."

Mlendoyo atachoka, awiriwo anatsala, aliyense akulimbana ndi fupa lake.

"Chigoli chija sindinakuphunzitse ine," anatero a Elifala mapeto ake, motsitsa mawu kuti ena asamve. "Ndayesa masabata asanu ndi limodzi kuphunzitsa anthu kumenya mpira. Sizitheka."

"Inenso miyendo inali itafa, aphunzitsi. Ndikanathamanga nawo ndikanagwa." Isake anapukuta manja pakabudula. "Mubwerere. Koma ndikagoletsa, musamakwere pa kireti."

"Nanga voti?"

"Nyemba zija a Hashim anagulitsa kale."

A Elifala anabwerera ku Mphezi sabata yomweyo. Amuna a Dongosolo anakana kuthetsa timu yawo. Anasankha a Agustino kukhala kochi, poti ndi okhawo anali ndi chigoli, ndipo anasewera zaka zina zitatu osapambanapo, koma osatopa.

Mu Okutobala a Lester anabweradi, ndipo Isake anakwera nawo basi ya ku Lilongwe. Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata, yolembera a Elifala kudzera pa golosale. Anthu anasonkhana kuti amve, ndipo a Elifala anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza. Isake anali bwino. Anali atalowapo kawiri m'chigawo chachiwiri, n'kugoletsa kamodzi. Ankapereka moni kwa onse, ndipo ankapempha a Tabita kuti amutumizireko mtedza. M'munsi mwake munali mzere wina: kochi wa kuno akuti ndili ndi luso, koma zimutengera chaka chathunthu kuti andichotse zizolowezi zoipa zomwe anandiphunzitsa kochi wakumudzi.

A Elifala anauwerenga mzerewo chamumtima, kawiri. Kenaka analumphira pa mawu otsanzika.

"Mwadumphatu pena, aphunzitsi," anatero a Hashim, omwe ankasuzumira paphewa pawo.

"Pamenepo inki yafufutika," anayankha a Elifala, akupinda kalatayo msangamsanga n'kuilowetsa m'thumba lam'kati. "Mayi a Ester ali kuti? Mwanayo akufuna mtedza."