Chigamulo cha Ba Stanislaus

Mgodi wa ku Kabwe utatsekedwa mu 1994, anthu anataya zambiri. Ena anataya nyumba, ena akazi, ena mutu weniweniwo. Ife anayi tinatsala ndi chinthu chimodzi chimene kampani sinathe kutilanda: Lamulungu masana, pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwanga ku Nakoli, ndi wailesi ya makaseti pakati pathu.

Ndinali ine Evaristo, wa zamagetsi pamgodi. Adamson, amene ankayendetsa chikepe chotsitsa anthu pansi. Chongo, Mbemba yekhayo pakati pathu. Ndi ba Stanislaus, mkulu wa tonse, amene anagwira makina obowola miyala zaka makumi awiri ndi ziwiri. Lamulo lathu linali lakalekale. Ukapeza chimbale chatsopano chimene chakugwira mtima, sunkachiimba pagulu. Unkajambulira mnzako pa kaseti ina, n’kulemba mayina a nyimbo pachikuto, iye n’kupita nayo kwawo kukamvera payekha. Lamulungu lotsatira ankabwera ndi chigamulo, ndipo mkangano unkayambira pamenepo.

Chigamulo choopsa chinali cha ba Stanislaus. Munthu ameneyu sankayamika. Ukamupatsa rumba ya ku Zaire, ati oimbawo akufuula ngati akugulitsa makala. Ukamupatsa kalindula, ati woimba besi anagona n’kudzuka nyimbo itatha. Kwaya ya kutchalitchi kwathu komwe ankaiweruza akutuluka pa Misa, madzi odalitsidwa asanaume pachipumi. Tinkakwiya naye, komabe aliyense wa ife ankajambula kaseti akuganiza za iyeyo, pakuti khutu lake linkamva zimene ife tinkazidumpha. Ine ndinakangana naye zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinkamukonda kuposa abale anga ena.

Chaka chotsatira, m’nyengo yozizira, mlamu wanga woyendetsa malole anandibweretsera chimbale cha anyamata ena a ku Luapula amene anali asanatchuke. Nyimbo yachitatu inali ndi gitala imene inandiimitsa ndili ndi lumo kuchibwano. Ndinati apa ndiye nkhalamba ija igonja. Ndinatenga kaseti yatsopano, n’kuiika m’wailesi yanga ya zitseko ziwiri, imene ndinkainyadira kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kunyadira chinthu. Mkazi wanga Eness anali atagona, mutu ukumupweteka, choncho ndinatsitsiratu mawu, n’kudina mabatani, n’kupita kukathirira ndiwo kuseri. Nditabwerera ndinalemba mayina a nyimbo mwaluso, yachitatuyo n’kuidula mzere kunsi.

Lamulungu limenelo ndinalankhula ngati mlaliki. Ndinati gitalayo imayamba ngati ikuopa, kenaka imathamanga n’kusiya ng’oma m’mbuyo, n’kudzaidikira pakhomo. Ba Stanislaus ankangondiyang’ana pakamwa. Anaika kasetiyo m’thumba la jekete.

Sabata itatha anaibweza. Adamson ndi Chongo anakhala bwino pamipando kuyembekeza kuti ndinyozedwe.

“Tepi iyi ni yabwino,” anatero ba Stanislaus. “Gitala ya pa namba fili iyamba monga iyopa, manje pambuyo ithamanga. Wasankha bwino, Evaristo.”

Chongo anafunsa ngati mkuluyo anali bwino m’thupi. Tonse tinaseka, ba Stanislaus nawo anaseka, mochedwerapo pang’ono. Ine mutu unakula. Sindinaone n’komwe kuti munthuyo wandibwezera mawu anga omwe, monga mmene umabwezera khasu la mwini utalipukuta.

Anzangawo atapita, ndinafuna kumvanso chigonjetso changa. Ndinaika kaseti ija m’wailesi. Inangoti siii. Ndinaipititsa kutsogolo, siii. Ndinaitembenuza, chimodzimodzi. Batani lofiira lojambulira linali litayamba kufooka, ndipo tsiku lija silinagwire. Kasetiyo inangozungulira yopanda kanthu, ine ndili kudimba ndi ndowa yanga yothirira. Munalibe gitala, munalibe ng’oma, munalibe ngakhale chifuwa cha munthu.

Ndinakhala pansi. Zinthu zimene ndinkaziona miyezi yonseyo osazimvetsa zinabwera pamodzi. Ba Stanislaus anali atasamutsa mpando wawo kufupi ndi wailesi, ndipo dzanja lawo linkakhala pa sipika nthawi zonse, ife n’kumati akuiteteza ku fumbi la kumitumbira ya dothi lotayidwa ndi mgodi. Anali atasiya kutitontholetsa tikamalankhula nyimbo ili mkati. Pa Misa ankaimirira ataona ena aimirira. Makina aja anawadya makutu pang’onopang’ono, ndipo analibe womuuza: akazi awo, mayi Anastazia, anali atatsogola kumudzi ku Katete kukatsegula munda, ana ali ku Lusaka, iwo atatsala okha kudikira kuti nkhani ya nyumba ya kampani ithe.

Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale tsiku limene tinabweza zipewa ndi nyali zathu. Ndinamuuza Eness. Iye anati ndipite mawa lomwe ndikawauze. Ine ndinakana. Ndinati mwamuna amene amulanda ntchito, amene mawa amulanda nyumba, sungamuvulenso chovala chomaliza. Ngati wasankha kubisa, ndimuthandiza kubisa. Eness anati chetechete sautsa nyama. Ndinamuyankha kuti nkhani za amuna azisiyira amuna, ndipo lero ndikakumbuka yankho limenelo ndimachita manyazi.

Lamulungu lotsatira mpando wa pafupi ndi wailesi unali wopanda munthu. Adamson anabweretsa nyimbo za uzimu za ku Malawi, Chongo anati zonse zikumveka ngati maliro amodzi, koma mkangano sunakome. Unali ngati ndiwo zopanda mchere. Ndinawauza kuti mwina mkuluyo ali ndi chimfine. Lamulungu linalo sanabwerenso. Ndinawaona pa Misa ali kumbuyo kwenikweni, ndipo anatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ine ndinadziuza kuti ndikuwapatsa ulemu. Kunena zoona, ndinkaopa nkhope yawo.

Lachinayi la sabata yachitatu Chongo anandipeza pamsika. Anati wakumana ndi ba Stanislaus akufunafuna katoni, ndipo amuuza kuti Lamulungu abwera kudzatigawira makaseti awo onse, chifukwa akupita ku Katete osadikiranso za nyumba. Makaseti amenewo anali oposa mazana awiri, ena ojambulidwa kuchokera ku mbale zakuda za galamafoni zimene zinasweka kalekale. Munthu amene sankabwereketsa kaseti popanda kukuonetsa kaye kagwiridwe kake, lero akugawa? Ndinapita kunyumba, ndinatenga chimbale chenicheni chija ndi kaseti yopanda kanthu ija, n’kuuyamba wapansi.

Njira yopita ku nyumba za mgodi imadutsa pafupi ndi mitumbira. Amayi a ku Makululu anali pamwamba pake ndi makasu ndi masaka, kufukula tizitsulo togulitsa, fumbi litawayeretsa mpaka nsidze. Ena mwa amuna amene ankawathandiza ndinkawadziwa, tinkatsika nawo chikepe chimodzi. Tinapatsana moni osayang’anana kwambiri.

Ndinagogoda kanayi. Kenaka ndinangokankha chitseko. Ba Stanislaus anali pampando, katoni pakati pa miyendo, akumata timapepala pa makaseti: Adamson, Chongo, Evaristo. Mulu wanga unali waukulu. Wailesi yawo, ya sipika zamatabwa zimene anakhoma okha, inali itafunditsidwa chitenje cha mayi Anastazia ngati mtembo.

Anadzidzimuka atandiona, kenaka anayamba kulankhula mofulumira kuti ndisapeze mpata wofunsa kanthu. Anati kumudzi kulibe magetsi, mabatire ndi odula, makaseti angangodyedwa ndi chiswe. Anati rumba yonse aipereka kwa ine ngakhale sindiidziwa kuimvera. Ndinadikira mpaka atapuma, n’kunena kuti kaseti ija inalibe kanthu. Anagwedeza mutu n’kumwetulira, ati inde, inali yabwino. Ndinabwereza mokweza. Anamwetuliranso.

Ndinatenga cholembera chawo ndi kapepala kamodzi mwa tija. Ndinalemba kuti: Tepi inalibe nyimbo. Batani silinagwire. Kulakwa n’kwanga.

Anawerenga kawiri. Kumwetulira kunachoka. Anandiyang’ana nthawi yaitali, ndipo ndinayembekeza kuti andithamangitsa chifukwa chowagwira bodza. Koma chimene chinali pankhope pawo sichinali manyazi.

“Inalibe kanthu?” anafunsa. “Olo pang’ono?”

Ndinapukusa mutu.

Anaika manja pa mawondo. Atayamba kulankhula, mawu awo anali okwera kwambiri, monga amachitira anthu osadzimva.

“Mawu ya anthu yanayamba kuthawa kudala, kalekale. Magitala yanakonkhapo. Koma besi na ng’oma ninali kumvelako, ku khutu iyi, nikafaka na kwanja pa sipika. Tsiku ija ninafaka tepi yako. Zii. Ninakweza mpaka kumapeto. Zii. Kwanja nayo siinamve kanthu. Ninati basi, Stanislaus, vasila, makutu yafa.”

Ndinalemba kuti: Bwanji simunayese ina?

“Kuti nayo ikhale zii?” anatero. “Iwe unayendapo ku mochale kukaona munthu kawiri?”

Kuyambira tsiku limenelo sanaigwirenso wailesi. Anaifunditsa, n’kukhala m’nyumbamo okha ndi chimene ankaganiza kuti akuchidziwa. Ndipo Lamulungu lija anavala jekete, n’kuyenda mtunda wonse uja kudzandiyamika ndi mawu anga, kuti asatiuze kuti khutu la gulu lathu lafa.

Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa: ndinadziwa liti? Ndikanatha kunama. Ndinaimika zala zitatu, n’kuloza kalendala ya parishi imene inali pakhoma.

“Masabata yatatu,” anatero.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Ndinayamba kulemba zoti ndinkafuna kuwasungira ulemu, koma anaika dzanja papepalapo.

“Dokota ku chipatala ananiuza kuti vamene vatsala vizayenda navo, kapena chaka chino, kapena cha mawa. Nilibe masabata yambiri, Evaristo. Yatatu unatenga ni iwe.”

Chifundo changa chimene ndinkachinyadira chinali mantha ovala jekete, ndipo amene analipira anali iwo. Ndinadzuka, n’kuchotsa chitenje chija, n’kuchipinda bwinobwino. Ndinatulutsa chimbale chenicheni m’thumba n’kuwaonetsa. Anayang’ana kumbali. Ndinaona kuti akuopa, munthu amene anakhalapo maola asanu ndi anayi pansi mwala utatseka njira, n’kutuluka akufunsa za mpira.

Ndinakoka mpando wawo mpaka pa sipika ya kumanzere. Ndinapititsa kaseti pa nyimbo yachitatu, n’kukweza mawu mpaka mawindo anayamba kunjenjemera. Kwa kanthawi anangokhala, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Kenaka dzanja lamanja linanyamuka lokha n’kukagwira thabwa. Anapendeketsa mutu. Ndinaona chala chawo chachikulu chikuyamba kugunda, ndipo chinkagunda pamalo pake.

Mayi wa nyumba yoyandikana anabwera pawindo kudzadandaula za phokoso. Atawaona ba Stanislaus, maso ali otseka, misozi ikutsikira m’ndevu, anabwerera kwawo.

Nyimbo itatha ndinadina batani. Anapukuta kumaso ndi chitenje chija, n’kukonza kukhosi.

“Wa besi uyu ni waulesi,” anatero. “Pakati apo achedwa kawiri. Wa ng’oma ndiye amunyamula.”

Ndinabweza kaseti pang’ono n’kumvetsera. Ankachedwadi, kawiri, pamalo pamene ine ndinadutsa maulendo makumi atatu osamva kanthu. Ndinaseka.

“Manje gitala yako ija,” anapitiriza, “siniimvela olo pang’ono. Ija yeve inayenda. Bweza futi. Ikayamba unigwire pa phewa, ikathamanga unigwire maningi, mwamphamvu. Nizaona ngati unanama.”

Ku Katete anapita ndithu, mvula itayandikira, koma makaseti sanagawe mwezi umenewo. Tinasamutsa bwalo lathu kupita kunyumba kwawo, osati Lamulungu lokha komanso Lachitatu ndi Lachisanu, Adamson ndi Chongo atauzidwa zonse. Tinamvera makaseti aja imodzi imodzi, kuyambira imene ankaikonda kwambiri, ine nditaima kumbuyo kwa mpando dzanja lili paphewa. Pofika mwezi wa khumi khutu lija linatsekeka, kunatsala dzanja lokha. Tinali tafika pa kaseti ya makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi.

Otsalawo ali kwanga m’katoni yomweyo, timapepala tawo tili pomwepo. Ndinawerengapo kuti pa masabata atatu tikanamvera angati. Akanakwana khumi ndi asanu ndi atatu.